Tchuthi cha kolera: mmene choyezera mvula, nyemba ndi soda zinatetezera masamu a ana pa puloti yathu

Masukulu a ku Zambia anatseka temu yachitatu kumayambiriro kwa Disembala 2023, ndipo ana ankayembekezeka kubwerera m'kalasi pa 8 Januwale 2024. Kolera itavuta mu Lusaka, boma linasuntha tsikulo kukhala 29 Januwale, kenako linalisunthanso kukhala 12 Febuluwale. Bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasanduka malo ogonekera odwala. Tchuthi chimene nthawi zonse chimakhala cha mwezi ndi masiku pang'ono chinatalika mpaka pafupifupi masabata 10, ana ali otsekeredwa pakhomo, chifukwa panalibe kholo lofuna kuti mwana wake aziponda matope ndi madzi a m'ngalande m'komboni.

Pa puloti yathu ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, pamakhala mabanja atatu, ndipo ana a sukulu analipo asanu, kuyambira wolowa giredi 2 mpaka wolowa giredi 7. Masabata oyamba maganizo onse anali pa madzi akumwa, sopo ndi chimbudzi. Za sukulu zinaiwalika. Chimene chinatidzidzimutsa chinali chaching'ono. Mtsikana wolowa giredi 5, amene mu Novembala ankagawa manambala akuluakulu osavutika, anafunsidwa mtengo wa mabanzi 7 a K3, iye n'kuyamba kuwerenga zala. Wamng'ono kwambiri anali atayambanso kusokoneza b ndi d. Mantha anatigwira, makamaka chifukwa cha mtsikanayo, popeza nthawi imeneyo giredi 5 ndi pamene mwana ankasiya kuphunzira m'Chinyanja n'kuyamba kumva maphunziro onse m'Chingerezi. Kulowa kalasi yotero masamu atazizira kale kumamubwezera mwana kumbuyo kawiri.

Kuiwala kotereku si ulesi wa mwana. Ku America, kumene ana amakhala pa tchuthi chachitali nthawi yotentha, Harris Cooper ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 1996 ndipo anapeza kuti ana amabwerera kusukulu atataya maphunziro a pafupifupi mwezi umodzi. Zimene zimatayika msanga ndi kuwerengera masamu ndi kalembedwe kolondola ka mawu, chifukwa ziwirizi zimafuna kuzichita tsiku ndi tsiku. Kuno tchuthi chathu chimagawika patatu, cha Epulo, cha Ogasiti ndi cha Disembala, choncho chaka chabwinobwino vutoli silionekera kwambiri. Limaonekera masukulu akatsekedwa mwadzidzidzi, ngati mu 2020 pamene anatseka mu Malichi ndipo makalasi osalemba mayeso anabwerera mu Seputembala.

Choyamba chimene tinayesa chinali kulembera ana masamu 20 m'mawa uliwonse. Pofika Lachitatu wamkulu ankabisala kuseri kwa nyumba, wamng'ono ankalira. Kenako tinayesa zodabwitsa zimene ana amaona pa foni, monga kuthira viniga mu soda kuti thovu lisefukire. Anakuwa ndi chisangalalo, viniga anatha, koma mawa lake panalibe wokhoza kufotokoza chimene chinachitika, ndipo panalibe nambala imodzi yomwe inalembedwa. Apa m'pamene zinthu zinatembenukira. Sayansi ya pakhomo siteteza masamu ndi kuwerenga ngati mwana angoonerera. Imateteza ngati mwana ayamba wanena zimene akuganiza kuti zichitika, ayeza ndi rula kapena supuni, alemba nambala, n'kuwerengera. Ntchito yeniyeni ili m'buku.

Mwana aliyense anagulidwa buku limodzi la masamu, lija la timabokosi, chifukwa timabokosito timathandiza pojambula tebulo ndi girafu. Tsamba lililonse linkayamba ndi deti, kenako funso la tsikulo, kenako chiganizo choyamba ndi mawu akuti "Ndikuganiza kuti", chimene chinkalembedwa tisanagwire chipangizo chilichonse. Pansi pake pankabwera manambala, ndipo pomaliza ziganizo ziwiri zofotokoza zimene zaoneka. Wa giredi 2 ankajambula chithunzi n'kulemba mawu atatu kapena anayi. A giredi 5 kupita m'mwamba ankayamba kulemba m'Chinyanja, kenako ankabwereza chiganizo chimodzi m'Chingerezi pogwiritsa ntchito mawu a m'buku lawo la Integrated Science. Nthawi yake inali mphindi 40 m'mawa atamwa tiyi. Ikapitirira ola, ana amayamba kukangana za amene agwire rula. Mwana akaganiza molakwika musamuuze kuti afufute, popeza kusiyana kwa zimene anaganiza ndi zimene anaona ndiko kumamupangitsa kukumbukira.

Tinayamba ndi choyezera mvula, ndipo ndicho ndingalangize aliyense kuyamba nacho nthawi ya dzinja, chifukwa chimapereka nambala yatsopano m'mawa uliwonse popanda kugula kanthu. Pamafunika botolo la pulasitiki la malita 2 loonekera mkati, limene thupi lake ndi lowongoka. Mabotolo opanikizika pakati amanamiza. Dulani botololo pamene phewa lake lathera, tembenuzani chidutswa cha kumwambacho kuti chikhale fanulo, n'kuchilowetsa m'thupi la botolo chopanda chivindikiro. Pansi pa botolo pamakhala mabampu, choncho ikanimo timiyala n'kuthira madzi mpaka afike pamene khoma la botolo layamba kuwongoka. Pamenepo lembani mzere wa 0 ndi cholembera chosafufutika, ndipo mangirirani rula kunja ndi selotepi, 0 wa rula atagwirizana ndi mzerewo. Mvula imawerengedwa m'mamilimita, diso litafanana ndi pamwamba pa madzi, nthawi yofanana tsiku lililonse. Ife tinasankha 8 koloko m'mawa.

Zolakwika zake n'zodziwika. Botolo likakhala pafupi ndi denga limalandira madzi a malata ndipo limadzaza zabodza, likakhala pansi pa mtengo wa mango limalandira ochepa. Pa puloti za m'komboni malo otseguka ndi ovuta kupeza, choncho sankhani pakati pa bwalo, zingani botolo ndi njerwa kuti mphepo kapena nkhuku zisaligwetse, ndipo musamalisunthe. Madzi apansi aja amauma dzuwa likawomba, ndiye mukaiwala kuwabwezera pa 0 mvula yotsatira imaoneka yochepa kuposa mmene inalili. Tayani madzi onse kawiri pa sabata n'kuthira ena kuopa udzudzu.

Masamu ake ndi okoma. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi ya madzi. Ana anayeza nyumba ndi chingwe chimene tinachimanga mfundo pa mita iliyonse, n'kupeza mamita 8 ndi mamita 6, kutanthauza masikweya mita 48 mukachulukitsa. Mvula ya mamilimita 15 pa denga lotero ndi malita 720, ndipo mukagawa ndi malita 20 a chigubu chimodzi mumapeza zigubu 36. Mwana amene amatumidwa kukatunga madzi ndi chigubu amamvetsa msanga tanthauzo la 36, ndipo mtsikana uja anagawa yekha chifukwa ankafunitsitsa kudziwa yankho. Loweruka ankaphatikiza mvula ya sabata yonse n'kujambula girafu, kabokosi kamodzi kuimira mamilimita 2. Chakumapeto kwa Januwale mvula inadula, ndipo m'mabuku munayamba kudzaza ma 0. Ana anafuna kusiya, koma tinaumirira kuti 0 nayenso alembedwe. Pa 29 Febuluwale pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse, ndipo ana anali ndi umboni wake m'mabuku mwawo.

Sabata imene tinayamba za choyezera mvula tinayambanso za mbewu. Tengani nyemba 20, chifukwa iliyonse imaimira 5 pa 100 ndipo kuwerengera maperesenti kumaphweka. Nyowetsani kansalu ka thonje, kafinyeni mpaka kasiye kudontha, yalani nyembazo motalikirana, pindani ngati mpukutu n'kuika m'pepala la pulasitiki losamanga kukamwa. Mizu imayamba kuoneka pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo chiwerengero chomaliza chimatengedwa pa tsiku la 7. Zikamera 17 ndiye kuti 85 pa 100. Mpukutu umodzi unaola n'kununkha chifukwa mnyamata wina ankauthirira madzi kawiri pa tsiku poganiza kuti akuuthandiza. Mbewu imapuma, ndipo ikamira m'madzi imasowa mpweya n'kuola. Nyemba zoboola ndi anankafumbwe kapena zokhalitsa sizimera bwino, ndiye ndi bwino kuyerekeza mipukutu iwiri, ya nyemba zatsopano ndi ya zakale. Mbewu ya chimanga ya m'sitolo yopakidwa mtundu wofiira kapena wobiriwira musawapatse ana, mtunduwo ndi chizindikiro chakuti inathiridwa mankhwala.

Zomera zija tinazibzala m'mabotolo odulidwa, oboola pansi, dothi lofanana, madzi ofanana, makapu ofanana. China chinakhala pawindo, china m'katoni yotseka, chachitatu m'katoni yoboola kabowo kumbali. Apa ana amaphunzira lamulo lalikulu la kuyesa zinthu, lakuti musinthe chinthu chimodzi chokha. Mukaika china mumdima n'kuchimananso madzi, simungadziwe chimene chachipha. Ana onse analemba kuti cha mumdima sichikula. Chinatalika kuposa zinzake, koma chinali chachikasu, choonda, chogwa chokha, chifukwa chinkagwiritsa ntchito chakudya cha m'njere pofunafuna kuwala. Cha m'katoni yoboola chinapinda khosi kulondola kabowo. Utali unkayezedwa kuchokera padothi mpaka pansonga m'masentimita, ndipo funso la tsiku lililonse linali lakuti chakula zingati kuchokera dzulo, amene ndi masamu ochotsera.

Popeza kolera inali pakamwa pa aliyense, sitikanaleka kuchita za madzi. Sefa ya m'botolo imapangidwa potembenuza botolo lodulidwa pansi, kumanga kansalu kukamwa kwake, kuika malasha osinja masentimita 5, mchenga wosalala masentimita 10, ndi timiyala masentimita 5 pamwamba. Malasha ndi mchenga ziyambe zatsukidwa, apo ayi madzi oyamba amatuluka akuda kuposa mmene analowera. Madzi oyesera tinkawadetsa tokha, a pampopi osakaniza ndi phulusa ndi masamba a tiyi. Musatume mwana kukatunga a m'ngalande kapena a m'chitsime chosazama. Choopsa cha ntchito imeneyi n'chakuti madzi amatuluka oyera ndipo mwana amakhulupirira kuti ndi akumwa. Sefa yotere imachotsa zinyalala zooneka, koma tizilombo ta kolera timadutsa. Mwana aliyense analemba chiganizo chimenechi m'buku ndi zilembo zazikulu. Madzi akumwa amawiritsidwa mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena amathiridwa klorini motsatira muyezo wolembedwa pa botolo lake n'kudikira mphindi 30.

Kusamba m'manja tinakuonetsa ndi saladi (mafuta ophikira) pang'ono wosakaniza ndi fumbi la malasha. Wina anasamba ndi madzi okha, wina ndi sopo mothamanga, wina ndi sopo akuwerenga mpaka 20 pang'onopang'ono, ndipo aliyense anadinda dzanja pa pepala loyera. Zakuda zinkatsalira pakati pa zala, m'zikhadabo ndi pa chala chachikulu. Anaphunziranso kupanga madzi obwezeretsa mphamvu kwa wotsegula m'mimba: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Supuni ikhale yosalaza ndi mpeni, osati yotumphuka, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza. Mapaketi a ORS a kuchipatala ndiwo abwino koposa, ndipo madziwa amamwedwa munthu ali pa ulendo wa kuchipatala, osati m'malo mwa chipatala. Ambuya a m'nyumba yapakati, amene poyamba ankati tikungoononga shuga, anamuitana wa giredi 7 n'kumuuza kuti, "Iwe mdzukulu, undilembere muyezo umenewo pa pepala, zilembo zikhale zazikulu, ndiumate pa kabati."

Viniga ndi soda tinazibwerera, koma tsopano ndi miyezo. Pamafunika botolo la mamililita 500, baluni, soda yophikira delele, ndi viniga woyera. Werengani pa botolo, wambiri amakhala wa 5 peresenti. Baking powder si soda, ili kale ndi zosakaniza zina ndipo imasokoneza zotsatira. Kokani baluni kangapo n'kuliuzira kamodzi kuti lifewe. Thirani viniga mamililita 100 m'botolo, ikani soda m'baluni kudzera mu fanulo ya pepala, vekani baluni kukamwa kwa botolo soda isanagwe, kenako liimikeni. Gwirani pakhosi, chifukwa mpweya ukathawira pamenepo muyezo wonse waonongeka. Thovu likatha, zungulizani ulusi pamimba pa baluni n'kuuyeza pa rula. Yesani ndi theka la supuni ya tiyi ya soda, kenako imodzi, ziwiri, zitatu, viniga akhale watsopano nthawi iliyonse. Ana amaganiza kuti soda ikachuluka baluni lizingokulirakulira, koma limasiya kukula. Viniga wa mamililita 100 amatha kusungunula soda ya magalamu 7 okha, pafupifupi supuni imodzi ndi theka, n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide wokwana pafupifupi malita 2. Soda yotsalayo imangokhala pansi pa botolo yoyera, ndipo mwana amaiona ndi maso. Botolo la viniga la mamililita 750 limakwana maulendo 7, choncho konzani miyezo musanatsegule.

Mpweya womwewo umatuluka mu yisiti, ndipo amayi ophika vitumbuwa amaudziwa bwino kuposa buku. Mabotolo anayi, lililonse supuni imodzi ya yisiti ndi madzi mamililita 200. Loyamba madzi ozizira ndi masupuni awiri a shuga, lachiwiri madzi ofunda ngati osambitsira khanda ndi shuga, lachitatu madzi otentha kwambiri ndi shuga, lachinayi madzi ofunda opanda shuga. Madzi otenthawo athire munthu wamkulu, ndipo botolo lake likhale lagalasi lochindikala lotenthetsedwa kale, chifukwa pulasitiki imakwinyika. Vekani mabaluni n'kuyeza mphindi 15 zilizonse kwa ola limodzi. Lachiwiri limafufuma msanga, loyamba mochedwa, lachitatu silifufuma chifukwa yisiti ndi chamoyo ndipo kutentha kumaipha, lachinayi limangokhala chifukwa yisiti ilibe chakudya. Onse anayi akakana, yisiti inali yakale. Paketi yotsegulidwa kalekale imafa, makamaka nthawi ya chinyezi.

Tsiku limene ana analikonda koposa linali la maluwa ofiira a hibiscus, aja amabzalidwa m'mipanda. Maluwa 5 kapena 6 m'kapu ya madzi otentha kwa mphindi 10 amatulutsa madzi ofiirira. Gawani m'makapu oonekera mkati. Mukathira mandimu kapena viniga amafiira mowala, mukathira soda, madzi a sopo kapena chidulo cha phulusa amasanduka obiriwira. Ana anajambula tebulo la zinthu za m'khitchini, mbali imodzi za asidi, mbali ina za alikali. Chenjezo limodzi pano ndi la moyo. Nthawi ya kolera nyumba iliyonse imakhala ndi klorini kapena Jik, ndipo mwana amafuna kuyesa chilichonse chimene chili m'botolo. Klorini ikakumana ndi viniga kapena mandimu imatulutsa mpweya wa poizoni umene umawotcha maso ndi mapapo. Mabotolo amenewo akhale kutali, ndipo lamulo likhale lakuti palibe kusakaniza kapena kulawa chimene munthu wamkulu sanavomereze.

Masiku amene m'nyumba munalibe ndalama yogulira kanthu tinkachita za mwala wa pa ulusi. Mangani mwala, pachikani pa msomali wa pachitseko, utali kuchokera pa msomali mpaka pakati pa mwala ukhale masentimita 100. Kokerani pambali pang'ono, osapitirira chikhatho chotambasula, n'kusiya osakankha. Kupita ndi kubwera ndi ulendo umodzi. Maulendo 10 amatenga masekondi pafupifupi 20 pa wotchi ya foni. Mukafupikitsa ulusi kukhala masentimita 25 amatenga masekondi 10. Mukasintha mwala n'kuika wolemera kawiri, ulusi osausintha, nthawi imakhala yomweyo, ndipo ana sakhulupirira mpaka atabwereza okha. Cholakwika chofala ndi kuwerenga "wani" pamene mwala ukusiyidwa, m'malo moyamba ndi ziro. Yezani katatu, phatikizani, gawani ndi 3. Umo ndi mmene wa giredi 7 anakumbukirira avereji.

Mvula itadula, dzuwa linatipatsa ntchito ina. Zikani ndodo yowongoka kuti mita imodzi itsale kunja, ndipo onetsetsani kuti yaima chilili pogwiritsa ntchito mwala wa pa ulusi uja. Ola lililonse ikani kamwala pamene chithunzithunzi chathera n'kuyeza. Pofuna kudziwa utali wa khoma kapena mtengo, yezani zithunzithunzi ziwirizo nthawi imodzi, m'mawa kapena masana dzuwa litapendeka. Ngati cha ndodo ndi masentimita 80 ndipo cha khoma ndi 240, khomalo ndi lalitali katatu kuposa ndodo, mamita 3. Lusaka ali pa madigiri pafupifupi 15 kummwera kwa equator, choncho dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pa chaka, chakumapeto kwa sabata yoyamba ya Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Novembala. Mu Febuluwale zimachitika cha m'ma 12:20, osati 12:00 ndendende. Ana anaona chithunzithunzi cha ndodo chikufupika mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka patsinde, patangotsala masiku ochepa kuti sukulu itsegulidwe. Auzeni kuti aziyang'ana pansi, asayang'ane dzuwa.

Ndalama zonse, kuphatikiza mabuku, mapensulo, marula awiri, viniga, soda, yisiti ndi mabaluni, sizinafike K200, ndipo mabanja atatu tinasonkherana. Chodula chinali nthawi ya munthu wamkulu. Amayi awiri a pa puloti amagulitsa pamsika ndipo amachoka m'bandakucha, choncho masiku ena panalibe woyang'anira. Tinagawa ntchito pawiri. Zoyeza za tsiku ndi tsiku, mvula, mbewu ndi ndodo, ana ankachita okha wamkulu wawo akutsogolera. Za moto, madzi otentha, mpeni ndi viniga zinkadikira munthu wamkulu. Madzulo kholo lililonse linkauza mwana wake kuti awerenge tsamba la tsikulo mokweza. Kholo silifunika kudziwa sayansi kuti lichite zimenezi. Mafunso awiri amakwana: "Wadziwa bwanji?" ndi "Ukanasintha chiyani kuti zituluke mosiyana?" Ana a mapuloti ena ankafuna kulowa nawo, koma tinawakaniza chifukwa cha matendawo, ngakhale zinali zowawa kubweza mwana wa aneba pageti.

Sukulu itatsegulidwa zotsatira zinali zosakanikirana. Mtsikana wa giredi 5 anabwerera akuchulukitsa ndi kugawa mwachangu, ndipo za miyezo, masentimita ndi malita, ankaziyankha osaganiza kawiri. Chingerezi chake cholemba chinakhalabe chofooka, chifukwa chiganizo chimodzi pa tsiku n'chochepa. Chikanathandiza ndi kuwonjezera mphindi 15 zowerenga nkhani ya Chingerezi mokweza, ngakhale ya m'buku la chaka chatha. Wa giredi 2 anadziwa manambala ndi kugwira rula, koma b ndi d zinafuna ntchito yapadera ya zilembo ndi maliwu ake, imene sayansi siingalowe m'malo mwake. Wa giredi 7 anatopa ndi nyemba msanga ndipo anabwerera pokhapokha atapatsidwa udindo wosunga wotchi ndi kuchonga masamu a anzake. Mwana wamkulu amafuna udindo. Komanso tinayamba mochedwa, pakati pa Januwale, ana ataiwala kale. Sabata yoyamba ya tchuthi mwana apume, koma yachiwiri buku litsegulidwe, tchuthi chikhale chachifupi kapena chachitali, popeza tsiku lotsegulira likhoza kusuntha.

Ntchito zimenezi zimasintha ndi nyengo. Pa tchuthi cha Epulo mvula imakhala ikutha, koma lumanda amakhala atakhwima ndipo zikhokho zake zofiira zimagwira ntchito ya maluwa a hibiscus aja. Ndi nthawinso yabwino yoyesa kameredwe ka mbewu zimene zangokololedwa. Pa tchuthi cha Ogasiti choyezera mvula chilibe ntchito, choncho chisandutseni choyezera kuuma kwa madzi. Thirani mamililita 200 m'mbale yotakata ndi 200 ena m'kapu yopapatiza, ziikeni malo amodzi padzuwa, n'kuyeza otsala madzulo aliwonse. A m'mbale amatha msanga chifukwa malo okhudzana ndi mpweya ndi aakulu, ndipo mphepo ya Ogasiti imafulumizitsa kuumako. Phimbani ndi kaukonde kapena ikani pamwamba, apo ayi agalu ndi nkhuku zimamwa n'kuononga manambala. Nyemba zimachedwa kumera m'nyengo yozizira, choncho mpukutu ukhale m'nyumba ndipo muwonjezere masiku awiri kapena atatu musanawerenge komaliza. Ndodo ija nayo imaonetsa zina: mu Ogasiti chithunzithunzi cha masana chimaloza kummwera, pamene mu Disembala ndi Januwale chimakhala chachifupi ndipo chimaloza kumpoto. Sungani buku la tchuthi chapitacho kuti mwana ayerekeze manambala a nyengo ziwirizo pa tsamba limodzi.